Mmene Ndinathowera Mlendo wa ku Kanada

Mkamwini wanga, mwamuna wa Tamara, anandifunsa m'mawa wina wa mu Juni atatsegula boneti ya galimoto yake imene inakana kulira: "Amai, kodi inu munayendetsapo galimoto?" Anafunsa mwaulemu ndithu, manja ali kumbuyo, chifukwa ndinali nditangomuuza kuti injiniyo aifunditse bulangete. Ndinayankha kuti ayi, ndipo sindinaname. Galimoto sindinayendetsepo. Koma chimene ndinayendetsa ine, iyeyo sanachionepo ngakhale pa chithunzi. Poti mkamwini sukangana naye pabwalo, ndinangolowa m'nyumba n'kumuthirira tiyi.

Lero ndati ndilembe. Wofuna kutsutsa atsutse, koma ayambe wapita ku Mtenguleni akafunse mboni zanga. Zoona, zambiri mwa izo zinagona kale kumanda, koma limenelo si vuto langa. Ine ndine mayi wa bulauzi yoyera ya Lachinayi, sukulu ndinafika nayo Fomu Fili, ndipo mawu anga ndi otsika moti ndikamapirikitsa nkhuku zimangondiyang'ana n'kupitiriza kudya. Munthu wotere bodza angalitenge kuti?

Chinali chaka chotsatira chilala chija tinadya ufa wachikasu. Amuna anga, aJere, ankaphunzitsa pa kasukulu ka mishoni kuseri kwa Mtenguleni, kutsidya kwa dambo lalikulu. Kuti ukafike pa tala pamene pamadutsa basi ya ku Lusaka unkayenera kudula dambo lonselo, ndipo kunalibe njira ina.

M'chisakasa cha kuseri kwa tchalitchi munkakhala Mlendo. Anabwera m'kontena ya salaula imene mpingo wina wa ku Kanada unatitumizira, atapanikizika pakati pa majekete ndi makina osokera. Akuti mkulu wina kumeneko, pomwalira, analamula kuti chinthu chake chokondedwa achipereke kwa anthu a Mulungu amene alibe misewu, ndipo anthu abwinowo anamvera osafunsa ngati kwathu kuno kumagwa sinowo. Azungu amachitcha sinomobilo. Chiwongolero n'cha njinga yamoto, koma mawilo chilibe. Kutsogolo kuli mapazi awiri achitsulo, aatali, opindikira m'mwamba, ndipo kumbuyo kuli lamba wa labala wotambalala kuposa wa chigayo. Chimangodziwa kutsetsereka pa sinowo basi. Ife tinachitcha Mlendo, poti chinachokera kutali, tinachipatsa pogona, ndipo ntchito sichinkagwira. Nkhuku zinkaikira mazira pampando pake. Pa Khirisimasi pokha aSakala, mkulu wa mpingo amene ankasunga kiyi, ankathiramo petulo n'kukoka chingwe kuti injini isafe, ndipo Mlendo ankalira pompo, ana n'kumavina, agalu n'kuthawira ku Malawi.

Tsopano ndikuuzeni za aNaDaka, mayi wamasiye amene ankasesa m'tchalitchi, wamfupi, wotupa maondo, wosakonda kuseka. Pamene ndinabereka Tamara, mwana wanga woyamba, amai anga anali atamwalira kale ndipo apongozi anali kutali ku Lundazi. Ndinagona m'nyumba ya aphunzitsi thupi lonse likuwawa, ndikuopa ngakhale kutsokomola. ANaDaka sindinawaitane. Anangokankha chitseko ndi chiuno, beseni la madzi otentha lili m'manja, n'kunena kuti, "Tembenuka." Ankaviika nsalu m'madzimo, kuifinya, n'kuisindikiza pamsana ndi pamimba panga mpaka mnofu utamasuka. Anandithowa choncho m'mawa ndi madzulo kufikira mchombo wa mwana utagwa. Nditati zikomo anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Nditawatumizira nkhuku anaibweza, pamodzi ndi dzira limene inaikira panjira.

Chaka chimene ndikunenachi, mwana wawo mmodzi yekhayo, Misozi, anachira mwana woyamba ku Matero ku Lusaka, kumene analibe mbale wamkazi ngakhale mmodzi. Mkamwini wawo anatumiza tikiti ya basi ya Lachitatu m'mawa. Masiku amenewo mabasi anali osowa, ukaiphonya yako umadikira mpaka utaiwala chimene unkapitira, ndipo mchombo wa khanda sudikira basi. ANaDaka anandiuza akumanga katundu wawo: "Ndathowa mudzi wonse uno. Wanga yekha athowedwe ndi mkazi wa landilodi?" Tinapangana kuti aJere awakweza pa njinga kukacha.

Ndiye usiku umenewo kunazizira. Mukumva? Sindikunena kamphepo ka Julaye kamene kamakuchititsani kufunafuna juzi ayi. Ndikunena kuti nditapendeka ketulo, tiyi anauma ali m'njira n'kuima pakati pa ketulo ndi kapu ngati ndodo, aJere n'kumuthyola kuti azikalozera pa bolodi. Utsi wa kukhitchini unangofika padenga n'kuundana, n'kugwa pansi m'zibenthu zimene ndinachita kusesa ndi tsache. Galu wathu anadzuka n'kupeza mthunzi wake wa dzulo udakali pomwepo utamatirira pansi, iye n'kumauzungulira akulira. Mbuzi ya aSakala inayetsemula ndevu n'kuthyoka. Ndipo udzudzu, womwe uja umatiluma chaka chonse, unabwera pakhomo pamzere, manja ali m'khwapa, kudzapempha moto. Ndinaupatsa. Mlandu ndi mlandu, koma mphepo ija sinali yomanira mnzako khala.

Nanga dambo! Mame onse anauma, chisanu n'kukwera mpaka m'maondo, dambo lonse mbuu ngati wina wakhuthulapo ufa woyera wa chigawo chonse cha Kum'mawa. AJere anayesa kukwera njinga pabwalo pompo. Inawaponya pansi asanapalase n'komwe, matayala n'kuphwanyika ngati mabisiketi, iwo n'kudzuka atagwira phewa. Ng'ombe za ngolo titazitulutsa m'khola zinagwada n'kutiyang'ana m'maso, ife n'kuchita manyazi.

ANaDaka anafika ndi phukusi lawo pamutu, atavala zitenje zonse zimene anali nazo. Anayang'ana njinga, anayang'ana dambo, n'kuyamba kuyenda okha. Sanapite patali. Anaterereka n'kukhala pansi, phukusi ali chigwirire kuti lisagwe. Sanalire, sanaitane munthu. Anangoyamba kufunafuna pogwira kuti adzukenso, ndipo n'chimene chinandipweteka ine.

Ndikuwadzutsa ndinayang'ananso kuyera kuja, ndipo ndinakumbuka chithunzi cha m'buku la Jogalafe.

"AJere," ndinatero, "sinowo wa Mlendo uja wabwera."

"Amake Tamara, mphepo yakulowani m'mutu?"

"Yalowa. Kaitaneni aSakala."

ASakala anabwera atafunda bulangete la agalu ndi la anthu pamodzi. Sanafunse zambiri. Anatsegula chisakasa n'kutulutsa kachigubu ka petulo amene ankasungira ana pa Khirisimasi, n'kuthira yense, mpaka kugwedeza kachigubuko kuti dontho lisatsale. Kenaka anagwira chingwe n'kukoka monga mwa masiku onse. Chingwe chinakana. Anakoka ndi manja awiri. Chinakana. AJere anawagwira m'chiuno ndi mkono wawo wabwinowo, ine n'kugwira aJere, tonse n'kukoka pamodzi, ndipo ndikulumbira pa bulauzi yanga yoyera kuti chisakasa chonse chinasuntha n'kutitsatira panja, tchalitchi n'kupendekeka pang'ono, koma injini ya Mlendo osatembenuka. Chinthu chobadwira m'sinowo, chitakhala nafe zaka zonsezo chikuothera dzuwa la Okutobala, chinali chitasanduka Mngoni wa ku Mtenguleni, woopa mphepo kuposa ife eni ake.

AJere anagwada n'kusuzumira pansi. Amuna anga za injini ankazidziwako. "Iyi ndi folo sitiroko," anatero. "Oilo wake sasakanizidwa ndi petulo ngati tinjinga tamoto tija. Amakhala payekha m'mimba muno." Anasolola kachitsulo koyezera, ndipo oiloyo anatuluka atalimba ngati chiponde chogonetsa, choti ukanatha kupaka pa mbatata. "Ameneyu akapanda kusungunuka, palibe chimene chizungulire."

"Tisonkhe moto wa udzu pansi pake," anatero aSakala.

"Ndi petulo mwathira uja? Mukufuna tchalitchi chikafike kumwamba mpingo usanafike?"

Apa m'pamene ndinadzimva kuti ndine munthu. Ndinakwinya chitenje n'kunena ndi kamawu kanga komweka kuti, "Ngati ndi thupi lauma, imeneyo ndi ntchito ya amai. Abambo, kayatseni mbaula panja." Ndipo nzeru yanga yoyamba ndikuuzani mosabisa, chifukwa ndi imene mayi aliyense wa kwathu akanayamba nayo. Ndinamufukiza. Ndinawiritsa masamba a bulugama mumphika, n'kuuika pambali pake, n'kumufunditsa mabulangete monga timachitira munthu wa chimfine, mpaka kumuuza kuti apume kwambiri. Nditavundukula, nthunzi yonse inali itaundana pa iye. Mlendo anali ndi ndevu zoyera zotalika kuposa za Mose wa pa chithunzi cha Sande sukulu, ndipo pamphuno pake popumira mpweya panatsekeka ndi mwala wa madzi. AJere sanandiseke. Anangotenga supuni n'kuyamba kumumeta, ndipo aSakala anayang'ana kudenga ngati akuwerenga malata.

Kum'mawa kunali kutayamba kufiira. Mumvetse bwino apa: dzuwa linali mdani wathu. Likangotuluka chisanu chisungunuka, Mlendo sakhalanso ndi potsetsereka, ndipo basi nayo imadutsa dzuwa litangokwera pamitengo.

Ndinati basi, ameneyu sakudwala chimfine, ndi wofunika kuthowa. Koma nsalu? Zanga zonse ndinali nditanyowetsa ndi bulugama uja ndipo zinali zitauma gwa ngati matabwa. Ndinamva kukhwekhwereza kumbuyo kwanga. ANaDaka anali atakhala pakhomo la chisakasa akumasula phukusi lawo. Anatulutsa nsalu zawo zothowera, zoyera, zosita, zimene anachapira Misozi, n'kundipatsa osandiyang'ana.

"Amai, nsaluzi zida ndi oilo," ndinatero.

"Ku Lusaka kulibe sopo? Fulumira."

Ndiye ndinamuthowa, abale anga. Mukumva? Madzi ndinkawaphula pa mbaula akubwadamuka, ndikathamanga nawo kufika pa Mlendo ali ofunda chabe, ndikangoima kuti ndipume asanduka mwala woti aSakala akautaye panja, choncho ndinathamanga osapuma, kuviika, kufinya, kusindikiza pamimba pake pamene pali oilo, kuviikanso, kufinyanso, chigongono chikupsa zala zikuundana, ndikumuyankhula monga timayankhulira mayi wochira kumene, kuti pepani, mwavutika, masukani, tonse tinadutsa momwemo. AJere anamasula pulagi, kanthu kaja kamene kamathetheka moto m'kati mwa injini, n'kundipatsa kali kozizira ngati mphuno ya galu, ine n'kukaika m'khwapa. Ndinakuwa kamodzi kokha m'moyo wanga wonse, ndipo linali tsiku limenelo. Ndinapitiriza kuthowa ndi mkono umodzi, winawo nditaupanikiza ngati nkhuku yofungatira, mpaka ndinamva m'mimba mwa Mlendo mukuti gudugudu, monga mmene mumachitira mwa munthu amene wayamba kumva njala atadwala nthawi yaitali.

AJere anabwezera pulagi ali wofunda, n'kutseka choko, kachitseko ka mpweya, kuti injini imwe petulo wambiri. Mapewa a amuna onse awiri anali atatha, ndiye chingwe chinagwera ine. "Pang'onopang'ono kaye," anatero aJere, "oilo ayambe wayenda." Ndinakoka mofatsa ngati ndikutulutsa ndowa m'chitsime. Chinabwera. Ndinakokanso. Mlendo anatsokomola. Apo ndinaponda phazi pa phazi lake lachitsulo, ndinatchula dzina la amai anga, n'kukoka ndi msana wonse.

Analira! Analira moti chisanu chinayoyoka m'mitengo yonse kuchokera pa Mtenguleni mpaka ku Katete, belu la tchalitchi linadziimba lokha anthu n'kuyamba kubwera ndi mabuku a nyimbo, nkhuku zimene zinkagona m'chisakasamo zinaikira mazira owiritsa kale, mthunzi wa galu uja unamatuka n'kuthawa kusiya mwini wake, ndipo ku Mchinji, ndinamva pambuyo pake, anatseka masitolo poganiza kuti kwabwera nkhondo. Ine ndinafuna kunyamuka pompo, koma aJere anandigwira dzanja. "Msiyeni atenthe kaye. Mukamuthamangitsa magazi ali ozizira afera pakhomo." Tinaima tikumuyang'ana akunjenjemera, kum'mawa kukufiirirafiirira. Kudikira kumeneko kunandikalambitsa.

Woyendetsa ndani? AJere phewa linali litatupa. ASakala anati iwo udindo wawo ndi woliza injini chabe, komanso mpingo ukuwafunabe. Onse anayang'ana ine. Ndinakwera. ANaDaka anawakhazika kumbuyo kwanga, n'kutimanga pamodzi ndi chitenje monga timaberekera mwana, phukusi lili pakati pathu. AJere anavula jekete lawo la kusukulu, lokhalo limene anali nalo, n'kundiveka cham'tsogolo, iwo n'kutsala ndi shati m'mphepo ija. Anandisonyeza kachitsulo kokanikiza ndi chala chachikulu kuti Mlendo ayende. Koimitsira sanandisonyeze, poti panalibe amene anamuyendetsapo kuti afune kumuimitsa.

Ndinakanikiza.

Mukumva? Tinadutsa bwalo la mpira ngati mphezi, tinalowa m'dambo duku langa n'kutsala m'mwamba, ndipo linadzafika kunyumba Lachisanu lili lotopa. Tinapitirira nkhanga zimene zinali kuuluka, zina n'kutembenuka kutifunsa njira. Misozi imene mphepo inkanditulutsa inkauma n'kugwera m'jekete ngati mikanda, moti ndinadzatunga mkanda wa m'khosi umene ndinavala mpaka dzinja. Ndinayamba nyimbo yopempha chifundo koma tinaisiya kumbuyo, ndime yoyamba n'kudzatipeza tikumaliza yachitatu. Kenaka chulu chinatulukira kutsogolo, ine osadziwa pokhotera, tinachikwera n'kuuluka, ndipo ndili m'mwambamo ndinaona tauni yonse ya Chipata ili phee, phiri la Kanjala lili pansi pa mapazi anga, amwenye akutsegula masitolo, mpaka mayi wina ku Kapata amene anandibwereka sefa chaka cham'mbuyo mwake ndinamuona akusefera panja. Kumbuyo kwathu dzuwa linali litatuluka ndipo linkatithamangitsa, likunyambita chisanu pa chidendene pathu penipeni, kutsogolo koyera kumbuyo matope, kutsogolo koyera kumbuyo matope. Pa ulendo wonsewo aNaDaka anayankhula kamodzi, pakhutu panga: "Ufa wa phala usatayike."

Dzuwa linatipeza. Mapazi a Mlendo anazika m'matope, iye anaima, ife sitinaime. Ndinakagwa chafufumimba m'thope, nkhope yonse n'kulowa, aNaDaka ali pamsana panga osadetsedwa ngakhale chala.

Pano ndiime kaye, chifukwa ndikudziwa kuti ena mwa inu mukafunsa aJere, amene adakali moyo ndipo ukalamba wawawonjezera mwano. Iwo amati chisanu chija chinali chopyapyala ngati mchere wa pa nsawawa. Amati Mlendo anayenda kuchokera pa chisakasa mpaka kumapeto kwa bwalo la mpira, n'kugunda golo, n'kukatitaya m'ngalande ya m'mphepete mwa dambo. Za ndodo ya tiyi amati sakuzikumbuka. Ine sindikangana nawo. Chimodzi chokha ndingavomere: kuchokera pamene ndinakanikiza kachitsulo kaja mpaka pamene ndinalawa thope, maso anga anali otsinzina. Koma zonse ndakuuzanizi ndinaziona bwinobwino.

Chimene palibe amene amatsutsa ndi ichi. Nditatukula mutu, tala anali adakali kutali. ANaDaka anayesa kutambasula miyendo koma maondo anali atauma. Ndinagwira mfundo ya chitenje kuti ndiimasule, n'kuona kuti inali yolimba bwino, ndiye ndinaisiya. Ndinagwada, ndinaika phukusi pamutu, n'kudzuka nawo ali chiberekere.

"Nditsitse iwe, anthu aona."

"Gwirani khosi, amai."

Munthu wamfupi amalemera, musanamizidwe. Chisanu chinali chitasanduka madzi, thope likundigwira akakolo, nsapato imodzi inatsala m'menemo ndipo sindinaitsanzike. Ndinagwa, ndinadzuka, ndinagwanso ndi bondo limodzi. Mpweya unkandicheka pakhosi ngati lumo. ANaDaka ankangoti tikafika pouma, n'kumandipukuta thope m'maso ndi nsonga ya duku lawo kuti ndione poponda.

Tikutuluka m'mabango ndinamva hutala. Basi inali itaima kale pa tala, utsi ukufuka kumbuyo, kondakitala akumenya chitseko kuti izipita. Kukuwa sindikanatha, mawu anga mukuwadziwa. Koma mayi wina wogulitsa mbatata zootcha m'mbali mwa msewu, amene sindinkamudziwa ndipo sindinamuonenso, anationa. Ananyamula beseni lake n'kukaima nalo kutsogolo kwa basi, n'kuyamba kuwerengera dalaivala mitengo ya mbatata ngati sakumva hutala.

Ndinafika pachitseko ndikupuma ngati ng'ombe ya pa goli. Kondakitala anatiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku phazi langa lopanda nsapato.

"Amai, khanda limeneli lilipira hafu?"

ANaDaka anasuzumira paphewa panga. "Si iwe mwana wa aNaMbewe wa ku chigayo? Amako ndinawathowa ndine iwe utabadwa. Nyamula katunduyo."

Ananyamula, ndi manja awiri. Ndinamasula chitenje, anthu anawalandira n'kuwakhazika pawindo. Ndinapisa m'thumba la jekete la aJere n'kupeza nsalu zawo zija, zimene ndinaponyamo ponyamuka, zakuda ndi oilo. Ndinawapatsira pawindo. Anazitambasula, anazinunkhiza, anazipinda bwinobwino n'kuziika pachifuwa. Sanati zikomo. Basi itayamba kuyenda anangotulutsa mutu n'kunena kuti, "Amake Tamara, ukapukute kumaso usanadutse pasukulu. Ndiwe mkazi wa aphunzitsi."

Ndinakhala pansi m'mbali mwa tala, mayi uja n'kundiika mbatata yotentha m'manja osafunsa kanthu.

Misozi anathowedwa ndi manja a amake m'mawa mwake, mchombo wa mwana usanagwe, ndi nsalu zimene sopo wa ku Lusaka analephera kuzichotsa fungo la oilo.